Za mayeso a TB aja, msuweni

Eee msuweni, ndamva funso lako lija, lakuti poti bambo a kunyumba awapeza ndi chifuwa chachikulu, iwe ukayezetse pakhungu kapena magazi. Koma iwe ndimakudziwa, ukayamba kufunsa ngati dokotala chonchi ndiye kuti usiku sukugona.

Chabwino. Ya pakhungu amakubaya pang'ono pamkono, n'kubwereranso pakatha masiku awiri kapena atatu akaone ngati patupa. Kungoti katemera wa BCG uja, amene anatisiyira kachipsera tili makanda, nthawi zina amatupitsa ngakhale ulibe kanthu. Ya magazi, IGRA, BCG siyiisokoneza ndipo umapita kamodzi, koma ndi yodula, imafuna labu. Zonsezi zimangoonetsa kuti tizilombo ta TB tinalowapo m'thupi. Zoti ukudwala amaonera poyeza makhololo pa makina a GeneXpert ndi pojambula chifuwa pa X-ray.

Ukukumbuka amalume a ku Ndirande atabwerako ku Joni? Aaa, iwe unali kamwana, ntchito kulirira masikono. Ankatsokomola usiku wonse, thukuta lili kamukamu, buluku likuchita kuvuka, iwo n'kumati ndi fumbi la mumgodi. Azakhali anawapatulira mbale yawoyawo, kapu yawoyawo, yabuluu ija... ayi, yobiriwira, yothyoka chogwirira. Koma zenera osatsegula, tonse tili mbwee chipinda chimodzi, chonsecho matendawa amayenda mumpweya, osati m'kapu. Ku Queens anawapatsa mankhwala, anamwa mpaka kumaliza, anachira, ananenepa. Koma kapu ija inawawawa. Mpaka tsiku lomwe anatisiya ankaitchulabe, amvekere, munandiyesa galu m'nyumba mwanga momwe.

Ndiye... mmm, ndimati chiyani? Eya. Mwana wakoyo usamutumize kwa agogo ake ku Chilomoni, ndikudziwa ndi zimene ukuganiza. Olo akupeze ndi TB yogona, ija yoti tizilombo tilimo m'thupi koma sukudwala, iweyo sungamupatsire, yogona sipatsirana. Bambo ake nawonso akamamwa mankhwala mosadumphitsa, pakatha masabata awiri mpata wopatsira ena umachepa kwambiri. Mwana wosakwana zaka 5 wokhala nyumba imodzi ndi wodwala, akamuona kuti sakudwala, amamupatsa mankhwala oteteza popanda kudikira mayeso ukufunsawa.

Wamva? Ku Chilomoni ayi. Umubereke mawa m'mawa mupite kuchipatala nonse, iwenso akakuone. Mawindo tsegula, bambowo azidya nanu limodzi. Mwana akhale ndi mayi ake, ndipo mukangotuluka kuchipatalako undiimbire.