Apongozi anuwo muwatsitsire ku Mua

Achemwali, mwati apongozi anu akubwera kuchokera ku Scotland ndipo akufuna kuona za chikhalidwe chathu cha ku Dedza kuno, mwafunsanso za malo ogona ndi kobwereka galimoto. Zogona ndi galimoto akuyankhani ena, ine ndinena za komwe ndapondako. Amene akungolemba kuti "kunyanja basi" aja funso sanaliwerenge. Anthuwo sananene kuti akufuna kusambira.

Pitani nawo ku Mua. Ndi mishoni ya Akatolika yomwe ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902, kumunsi kwa mapiri cha ku Mtakataka. Pamenepo ndi pomwe pali Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zosemasema omwe Bambo Claude Boucher a ku Canada, aja anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa mu 1976. Nyumba yake yosungiramo zakale, Chamare Museum, imafotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa, chinamwali, ukwati mpaka maliro. Koma chimene chimamusowetsa munthu chonena ndi chipinda cha gule wamkulu. Zigoba mazanamazana, Chadzunda, Maliya, Simoni, onse ali momwemo. Ine ndinakulira kumudzi, zilombo ndinkazithawa ndili mwana, koma zoti chilichonse chili ndi mwambo wake womwe chimaphunzitsa ndinakazimvetsa bwino ku Mua, ndili ndi ana atatu kale. Musalowe nokha ngati mukuyendera sitolo. Tengani wofotokozera, mumupatse maola awiri, ndipo kamera isatuluke musanafunse. Ziboliboli muguliretu pomwepo kwa osema ake, ndi zosemedwa bwino kuposa zambiri za m'mbali mwa msewu. Mukafuna kuti akuvinireni magule, adziwitseni kukadali masiku, osati kungotulukira.

Msewu wachidule wopita ku Mua kuchokera ku Dedza ndi wa Khwekhwelere, wokhotera pa Masasa kutsikira ku Golomoti. Ndi watala komanso wokongola, koma ndi wokhotakhota ndi wotsetsereka kwambiri. Dalaivala wongodalira mabuleki ayi, atsike ndi giya yaying'ono. Musaudutse usiku.

Tsopano za zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zomwe ena akutchulirani ngati ndi pafupi ndi depoti. N'zoona kuti UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inazilemba m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, ndipo malo onse ojambulidwa alipo 127. Zofiira zija anajambula ndi Akafula kalekale, zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau. Koma malowo ndi omwazikana m'mapiri, ndipo omwe alendo amafikako kawirikawiri ndi atatu: Mphunzi, Chentcherere ndi Namzeze. Ine ndinapita ku Mphunzi mu Januwale ndi kagalimoto kotsika, alendo awiri kumbuyo. Titangosiya tala, matope. Tinatitimira kawiri, anyamata otikankha anadya pafupifupi K10,000, ndipo pano mwina ndi kuwirikiza. Kenako kunabwera mnyamata wina n'kuti ndi "gaidi". Anatikweza phiri ola lathunthu n'kutionetsa mwala umodzi wofufutika, pambali pake ana atalembapo mayina ndi makala. Titamufunsa tanthauzo lake anangoti "ndi za makolo". Pobwerera ndi pamene bambo wina wachikulire anatiuza kuti miyala yabwinoyo taidutsa m'munsi. Mvula inali itayamba, sitinabwererenso.

Ndiye ngati mukufunadi Chongoni, pitani nyengo yopanda mvula, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndi galimoto yokwera. Mukafika funsani amene amayang'anira malowo, osati woyamba kukuthamangirani, ndipo mtengo mugwirizane musanakwere. Apongozi ngati ali ndi vuto la mawondo, Namzeze muisiye. Komanso muwauziretu kuti zojambulazo si zazikulu ngati za pa TV, ndipo asazigwire kapena kuzithira madzi kuti zioneke bwino pachithunzi.

Chinanso chomwe palibe wanena: m'midzi ya kuno mutha kukumana ndi gule pamsewu, makamaka anthu akakolola. Alendo amathamangira foni. Aletseni. Imani, tsitsani galasi, ponyani kandalama, mudikire adutse. Kumanda ndi kudambwe asayandikireko ngakhale mitengo yake ikongole bwanji, mungakalipe mbuzi kwa amfumu.

Ndalama tengani zapamanja, zing'onozing'ono, chifukwa netiweki kumapiriko imabwera ikafuna. Mitengo yolowera imbani mufunse sabata yomweyo, kwacha yathuyi mukuidziwa.

Pa Dedza Pottery imani pobwerera, amwe khofi ndi kugula makapu, ola limodzi lakwana. Ngati akubwera mu Juni kapena Julayi asasiye majuzi poti akubwera ku Africa. Ku Mua adzatuluka thukuta masana, koma akakwera pa boma madzulo adzaona ngati abwerera kwawo.