Chifukwa chake Porsche 911 imakuzungulitsani pakona mu Gran Turismo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa owerenga athu amene amakhala ku Luchenza, ndipo funso lawo landikhala m'mutu masiku onsewa. Iwo akuti Loweruka lililonse amapita pa kashopu kena kosewererapo magemu, pamene pali PlayStation 4, n'kulipira ola limodzi kapena awiri kuti athamangitse galimoto mu Gran Turismo Sport. Akatenga Nissan GT-R amamaliza mpikisano bwinobwino, nthawi zina n'kupambana kumene, koma akangotenga Porsche 911 GT3 RS, mbuyo ya galimoto imathawa pakona, galimoto n'kuzungulira mpaka kuyang'ana kumene yachokera. Chimene chikuwaimitsa mutu kwambiri n'chakuti mu Need for Speed, Porsche ya mtundu womwewo imakhota popanda vuto lililonse. Anamaliza kalata yawo ndi funso lakuti: "Kodi gemu imeneyi ili ndi vuto, kapena opanga ake, poti ndi a ku Japan, anakondera galimoto yakwawo?"

Achimwene, kukayikira kwanu ndikukumvetsa, ndipo kuli ndi poyambira. Gran Turismo imapangidwa ndi kampani ya ku Japan yotchedwa Polyphony Digital, imene mtsogoleri wake ndi Kazunori Yamauchi, ndipo inayamba kutuluka mu 1997. Ubale wa kampaniyi ndi Nissan si wobisika, chifukwa pamene GT-R yatsopano inatuluka mu 2007, zithunzi za pa sikirini yam'kati mwa galimoto yeniyeniyo, zoonetsa kutentha kwa mafuta ndi mphamvu ya turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu), anazikonza ndi anthu a Polyphony omwewo. Komanso kwa zaka zambiri Porsche munalibe mu Gran Turismo, popeza chilolezo choika galimoto zake m'magemu chinali m'manja mwa Electronic Arts, eni ake a Need for Speed, mpaka mu 2016. Pa nthawi imeneyo osewera ankakhutira ndi galimoto za RUF, kampani ina ya ku Germany imene imamanga galimoto zake pa thupi la Porsche, ndipo dzina la Porsche lenilenilo linaloŵa mu Gran Turismo Sport mu 2017. Ngakhale zili choncho, chimene chikukuzungulitsani si tsankho ayi. Gemu ikukuuzani zoona za galimoto imeneyi, ndipo zoona zake zagona pa malo amene injini inaikidwa.

Kuyambira pamene inayamba kugulitsidwa mu 1964, Porsche 911 yakhala ikunyamula injini yake ya masilinda 6 kumbuyo kwenikweni, kupitirira matayala akumbuyo, pamalo pamene galimoto zambiri zimakhala ndi buti. Zotsatira zake n'zakuti pa makilogalamu 100 aliwonse a kulemera kwake, pafupifupi 60 amatsamira matayala akumbuyo. Munthu aliyense wa kuno ku Thyolo anazionapo zimenezi ndi maso ake, ngakhale sanaonepo Porsche. Tsiku lina m'mawa ndinaima pamsewu kuyang'ana bambo wina akutsika chitunda ndi njinga yakapalasa, atamanga mikoko itatu ya nthochi pa kaliyala. Tayala lakumbuyo linali litaphwatalala ndi kulemera, pamene lakutsogolo linkangonyambita pansi, ndipo pokhota paliponse bamboyo ankayamba wachepetsa liwiro patali, n'kugwira mahandulo ndi manja onse awiri, chifukwa ankadziwa kuti katundu uja akayamba kulowera kumene akufuna, njinga yonse imutsatira. Porsche 911 ndi njinga imeneyo, kungoti akatswiri akhala zaka zoposa 60 akuiweta.

Tsopano onjezanipo chinthu chachiwiri, chimene mumachimva m'thupi tsiku lililonse mukakwera minibasi yopita ku Limbe. Dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi pa Bvumbwe, nonse mumawerama kupita kutsogolo, ndipo akanyamuka mwamphamvu msana wanu umakanikiza mpando. Kulemera kwa galimoto nakonso kumasuntha motero: pomanga mabuleki kumathamangira ku matayala akutsogolo, poponda moto kumabwerera kumbuyo. Tayala limagwira msewu molingana ndi mmene lakanikizidwira pansi, choncho matayala amene apepukidwa amataya mphamvu yogwira. Apa ndi pamene pali vuto lanu, ndipo ndikhoza kulongosola zimene mumachita ngakhale sindinakuoneni mukusewera. Mumafika pakona muli pa liwiro lalikulu, mumayamba kukhota, kenako mtima umakuuzani kuti mwathamanga kwambiri, ndiye mumachotsa chala pa batani la moto kapena kuponda mabuleki muli pakati pa kona. Nthawi yomweyo kulemera kumasamukira kutsogolo, matayala akumbuyo amapepuka, koma injini yolemera ija ikadali ndi mphamvu yofuna kupitirira molunjika. Zili ngati khasu limene mwalizunguza muli mutagwira kumapeto kwa mpini: mutu wake ukayamba ulendo, kuuimitsa pakati n'kovuta. Mbuyo imatuluka, imapitirira kutsogolo, ndipo galimoto imazungulira. Oyendetsa galimoto za mpikisano amatcha khalidwe limeneli oversteer, pamene kukana kukhota kwa matayala akutsogolo, galimoto n'kumangolunjika kunja kwa kona, amakutcha understeer.

Ndiyenera kunena chilungamo kuti GT3 RS imene mukuyendetsayo ndi yofatsa poyerekeza ndi makolo ake. Ili ndi matayala aakulu kwambiri kumbuyo, phiko lalikulu kumbuyo lothandiza kuti mphepo izikanikizira galimoto pansi, ndiponso matayala akumbuyowo amakhota pang'ono pothandiza akutsogolo. Imene inali yolusa ndi 911 Turbo imene inayamba kugulitsidwa mu 1975, yomwe anthu anaipatsa dzina lotanthauza kuti yosandutsa akazi kukhala amasiye, chifukwa turbo yake inkachedwa kudzuka, n'kubwera ndi mphamvu yonse mwakamodzi, nthawi zina dalaivala ali pakati pa kona. Mukadzapeza Gran Turismo 7, imene inatuluka mu 2022, mudzaiyese galimoto yakaleyo, ndipo mudzaona kuti yanuyi imakhululuka zambiri.

Nanga bwanji GT-R ikukukomerani mtima? Injini yake ya malita 3.8 ili kutsogolo, giyabokosi ili kumbuyo, kotero kulemera kwagawika moyandikira pakati, kutsogolo kukuposa pang'ono. Chachikulu n'chakuti imakoka ndi matayala onse anayi, ndipo kompyuta yake imatumiza mphamvu ku matayala akutsogolo ikangoona kuti akumbuyo ayamba kuterereka. Mukalakwitsa, galimoto imakonza cholakwacho musanachizindikire n'komwe. Komatu GT-R ili ndi mtolo wake. Imalemera makilogalamu opitirira 1,700, pamene GT3 RS ili pafupi ndi 1,420, ndipo ngakhale GT-R ili ndi ma horsepower (muyeso wa mphamvu ya injini) ochuluka kuposa 500 amene Porsche ija ili nawo, kulemera kowonjezerako kuyenera kuimitsidwa ndi kukhotetsedwa pa kona iliyonse. N'chifukwa chake m'manja mwa munthu amene waiphunzira, Porsche imatha kumanga mabuleki mochedwerapo, ndipo potuluka pakona injini yakumbuyo ija imasanduka bwenzi, chifukwa imakanikiza pansi matayala omwe akukankha galimoto. Ambiri posankha galimoto mu gemu amangoyang'ana nambala ya horsepower ndi liwiro lapamwamba, koma ine ndimaona kuti manambala amenewa ndi amene amanena zochepa kwambiri za mmene galimoto idzakhalire pakona.

Kuti gemu ionetse zonsezi, opanga ake sangojambula thupi lokongola la galimoto basi. Amaika m'kompyuta kulemera kwake, malo amene kulemerako kwakhala, kutalika kwa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, kulimba kwa masipuling'i, magiya, ndiponso mphamvu ya injini pa liwiro lililonse limene ikuzungulira. Kenako makina amawerengera kambirimbiri pa sekondi imodzi zimene tayala lililonse likuchita. Gawo lovuta kuposa onse ndi tayala, chifukwa malo amene limakhudza msewu ndi aang'ono ngati chikhatho, ndipo galimoto yonse, kaya ikhale yodula motani, imadalira zikhatho zinayi zimenezi. Katswiri wina wa ku Netherlands, Hans Pacejka wa pa yunivesite ya Delft, anakonza masamu ofotokoza mmene tayala limagwirira ndi mmene limayambira kuterereka, ndipo masamu amenewa akhala akugwiritsidwa ntchito ndi opanga galimoto zenizeni komanso opanga magemu ambiri. Phunziro lake lalikulu kwa inu ndi ili: mphamvu yogwira msewu imene tayala lili nayo ndi imodzi, ndipo kumanga mabuleki, kukhota ndi kuthamanga zonse zimatapa m'nkhokwe yomweyo. Mukaitapa yonse pomanga mabuleki, yokhotera siitsala.

Liwiro nalonso lili ndi masamu ake osanyengerera. Mukachoka pa makilomita 60 pa ola kufika pa 120, mtunda wofunika kuti muime sukhala kawiri, umakhala kanayi. Phiko lakumbuyo limatsatira lamulo lomwelo, chifukwa mphepo imene imalikanikizira pansi imakula kanayi liwiro likakwera kawiri, ndipo n'chifukwa chake GT3 RS imakhala yokhazikika pa makona aatali othamanga, koma pa kona yothina yoyenda pang'onopang'ono phikolo silikuthandizani kwenikweni. Ndikukhulupirira kuti mukakumbukira bwino, mupeza kuti makona othina ndi amene amakuzungulitsani kawirikawiri.

Za Need for Speed sindichulukitsa mawu. Gemu imeneyi, imene inayamba mu 1994, masiku ano cholinga chake ndi chisangalalo cha liwiro, kuthawa apolisi ndi kutsetsereka pakona mokongola, kotero opanga ake amawonjezera dala kugwira kwa matayala ndi kuwongola galimoto mobisa kuti aliyense asangalale kuyambira mphindi yoyamba. Si bodza loipa ayi, ndi masewera a mtundu wina. Thupi ndi dzina ndi za Porsche, koma khalidwe ndi la gemuyo.

Umboni wakuti Gran Turismo ili pafupi ndi zenizeni ulipo. Mu 2008 Nissan ndi Sony anayambitsa mpikisano wotchedwa GT Academy, wosankha osewera gemu aluso n'kuwaphunzitsa kuyendetsa galimoto zenizeni za mpikisano. Woyamba kupambana anali Lucas Ordóñez wa ku Spain, ndipo mu 2011 anapambana Jann Mardenborough wa ku Britain. Mu 2013 awiriwa, pamodzi ndi Michael Krumm, anamaliza pa nambala 3 m'gulu la galimoto za mtundu wawo, lotchedwa LMP2, pa mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans ku France. Koma onani kuti asanafike kumeneko anadutsa m'maphunziro a miyezi yambiri pa mabwalo enieni, popeza pali zinthu zimene sikirini singapereke. Dalaivala weniweni amamva m'chiuno ndi mumsana kuti mbuyo yayamba kuthawa maso asanaone, pamene inu mumadikira kuti chithunzi chisunthe, ndipo pofika nthawi imeneyo mwachedwa kale. Chiwongolero chenicheni chimazungulira mtunda wautali, pamene kamtengo ka pa padi kamayenda pang'ono chabe pansi pa chala chachikulu, moti kukankha pang'ono n'kukhota kwakukulu. Ndinenenso, poti ena mwa owerenga ali ndi malaisensi, kuti msewu wa M2 wokhotakhota m'minda ya tiyi pakati pa Thyolo ndi Mulanje si bwalo la mpikisano. Muli anthu oyenda pansi, ana a sukulu ndi akabaza, ndipo chiperoni chikagwa phula limaterera mosaonekera. Masamu a tayala ndafotokoza aja amagwira ntchito pa Sienta chimodzimodzi ndi pa Porsche, kungoti pamsewu palibe batani loyambiranso.

Ndiye Loweruka likubwerali chitani izi. Musalowe mumpikisano, sankhani kuyenda nokha pa bwalo lalifupi limene mumalidziwa bwino, ndipo musiye ABS (yoletsa matayala kukwakwata pomanga mabuleki) ndi traction control (yoletsa matayala kuterereka poponda moto) zili zoyatsa, chifukwa galimoto yeniyeniyo nayonso imakhala nazo. Mangani mabuleki galimoto ikadali yolunjika, musanayambe kukhota, ndipo muyambe msanga kuposa mmene mumachitira ndi GT-R. Pamene mukulowa pakona masulani mabuleki pang'onopang'ono, osati mwakamodzi, kenako gwirani moto pang'ono chabe kuti kulemera kukhale pa matayala akumbuyo, ndipo muwonjezere motowo pokhapokha mutaona potulukira ndi chiwongolero chikuyamba kuwongoka. Mukaona kuti mwalowa mothamanga, musachotse chala pa moto mwadzidzidzi, chepetsani mofatsa, ngakhale zitanthauze kutuluka kunja pang'ono. Ngati muli ndi mphindi zotsala, tengani Mazda MX-5, imene mu gemu imalembedwa kuti Roadster, kagalimoto kopepuka kokhala ndi injini kutsogolo ndi kokoka ndi matayala akumbuyo, kamene kulemera kwake kwagawika pafupifupi theka ndi theka. Popeza kalibe mphamvu zambiri, zonse zimachitika pang'onopang'ono, ndipo mudzatha kuona ndi maso mphuno ikutsika pomanga mabuleki ndi mbuyo ikukhala pansi poponda moto. Mukazungulira nako bwalo maulendo 10, bwererani ku Porsche pa bwalo lomwelo, mulembe nthawi yanu yoyamba ndi yomaliza, ndipo munditumizire manambala awiriwo pamodzi ndi dzina la kona imene ikukuvutanibe.