Kagalu kanga katha mapatapata m'nyumba, nditani?

Funso: Zikomo alangizi, ine ndili ndi kagalu ka miyezi 5 kamene anatipatsa alamu anga aku Santhe, koma abale katitopetsa. Kadya kale mapatapata a bambo akunyumba, tchaja ya foni, mkeka wapakhonde kang'amba mbali yonse, dzulo ndakapeza kakukoka neti kuchipinda. Timakamenya koma mawa lake kayambiranso, nde bambo akuti tingokataya basi pomwe ana akukakonda kwambiri. Nditani? Mayi wa ku Chamama, Kasungu.

Yankho: Mayi, musakataye chonde, ndipo ndodoyo isiyeni kuyambira lero. Kagalu kanu sikopusa ayi, kakumera mano. Mano aukhanda amakhala 28, amayamba kugwa pa miyezi 3 kapena 4 nde pamamera achikulire okwana 42, ndipo zimenezi zimatha chapa miyezi 6 kapena 7. Nthawi yonseyi nkhama zimayabwa, kamangofuna choti kalume, chimodzimodzi mwana wanu uja pomera mano mmene ankaponyera chilichonse mkamwa.

Kumenyako nchifukwa chake sikukugwira ntchito: galu amamva chilango pa chimene akuchita nthawi yomweyo basi. Inu mwabwera kumunda masana mwapeza patapata linadyedwa mmawa, mwakaitana kabwera kakugwedeza mchira nkukamenya, iko sikadziwa nkomwe kuti nkhani ndi patapata, kamangoona kuti mayi akafika pakhomo kumakhala ndodo. Galu wokula choncho amakhala wamantha, ndipo wamantha ndi amene amadzaluma mwana tsiku lina. Zimenezi ndimadana nazo kwabasi.

Kapatseni chake chotafuna. Chingwe chokhuthala mumange mfundo zingapo, chikhale chake chake, kakayamba kuchithothola ulusi musinthe. Koma nsapato yakutha ayi, ambiri amalakwitsa pamenepa, kagalu sikasiyanitsa nsapato yotayidwa ndi ya kutchalitchi ya bambo. Mukakapeza kali ndi tchaja kukamwa musakathamangitse chifukwa kamayesa masewera, ingonenani kamodzi mwamphamvu kuti "siya!", muonetse chingwe chija, kakalavula tchaja nkuluma chingwe mukayamikire pompo, mukasisite, mukapatse kausipa kamodzi. Mawu akhale amodzimodziwo nyumba yonse, osati bambo akuti choka, ana akuseka, inu mukuti siya. Nde zinthu zanu kwezani, nsapato pamwamba, neti muzipinda mmawa, chitseko chakuchipinda chitsekedwe. Ana akaweruka kusukulu azithamanga nako mpaka katope, poti kagalu kongomangidwa pamtengo tsiku lonse kamatafuna chifukwa chosowa chochita.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine si mapatapata, ndi zimene kangameze. Chitsononkho cha chimanga sichigayika mmimba mwa galu, chimakatseka matumbo, nde nyengo yotong'ola ija muzisesa. Mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka. Mabatire a tochi, mankhwala a makoswe, feteleza, ngakhale masamba a fodya amene kwanuko amangoti mbwee m'zigafa, zonsezi ndi poizoni kwa galu. Mukaona kakusanza mobwereza, kakukana kudya, mimba yatupa kapena sikakuchita chimbudzi, musadikire mawa, pitani kwa alangizi a ziweto kapena ku vetenale tsiku lomwelo. Ndipo ulusi wa neti ukatulukira kumbuyo musakoke, ungacheke matumbo.

Onaninso chakudya, nsima ya gaga yokha kamodzi patsiku siyikwana kwa kagalu ka msinkhu umenewo, kazidya katatu, muziikamo usipa kapena matemba. Mankhwala a njoka za mmimba kalandirenso, mwezi ndi mwezi mpaka kakwane miyezi 6, kenako pakatha miyezi 3 iliyonse.

Simunanene ngati kanabayidwa katemera wa chiwewe. Amayambira pa miyezi 3, nde kanu kachedwa kale, pitani nako sabata ino. Galu amene wangosintha mwadzidzidzi, akudya timitengo ndi miyala, dovu chuchuchu, akuluma chilichonse ngakhale eni ake, ameneyo si za mano, mutsekereni osamugwira muitane a ziweto. Akaluma munthu tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nkuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.