Mbiri ya mvula ili m'matope a m'nyanja

Achimwene, mwafunsa kuti akatswiri amadziwa bwanji za mvula yakalekale, anthu asanayambe kulemba. Amafunsa matope a pansi pa Nyanja ya Malawi. Kunsi kwenikweniko kulibe mpweya wa okosijeni, ndiye matope amangounjikana chaka ndi chaka popanda chowavundula. Mu 2005 asayansi anaboola pansipo n'kuwatulutsa. Mungu wa mitengo, makala a moto wolusa ndi tizomera ta m'madzi zinaonetsa kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo kunagwa chilala chadzaoneni, madzi n'kuphwa mamita pafupifupi 500. Anapezamonso phulusa lochokera ku Toba, phiri lomwe linaphulika kalekale ku Indonesia! Ine ndikachoka kuno ku Lilongwe n'kukaima ku Senga Bay, zimenezi zimandikhudza mtima kwambiri.