Mwana wobadwa masiku asanakwane m'chisanu cha Joni

Achimwene, mwachita bwino kufunsa mwana asanatuluke m'chipatala. Mwati mayi a kunyumba anachira pa masabata 33, mwana akulemera 1.8 kg, anamwino akuti mwina atuluka sabata yamawa, ndipo chipinda chimene mukuchita lendi kuseri kwa nyumba ku Rosettenville chimazizira koopsa usiku. Funso lanu ndi lakuti mugule hita kapena botolo la madzi otentha lija, ndiponso mabulangete angati. Ndaona ambiri amene akuyankhani akuti mugule mabulangete okhuthala. Ine ndikuti ndalamayo igwireni kaye. Chotenthetsa mwana ameneyu ndi chifuwa cha mayi ake, ndipo mayi akatopa, chifuwa chanu inuyo.

Ndifotokoze chifukwa chake, popeza mukachimvetsa simuvutika kuyankha anthu amene abwere ndi malangizo awo. Mwana akamatsala pang'ono kubadwa, m'miyezi yomalizira ya mimba, thupi lake limaunjika mafuta pansi pa khungu, komanso mafuta ena apadera a bulauni kumbuyo kwa khosi, pakati pa mapewa ndi mozungulira impso. Mafuta a bulauniwa ndi amene khanda limawotcha kuti lipange kutentha, chifukwa makanda sanjenjemera ngati ife akuluakulu. Wanuyu wabadwa masabata angapo ntchitoyi isanathe. Mafuta ali nawo ochepa, khungu lake ndi lopyapyala, mutu ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, ndiye kutentha kumamuthawa msanga kuposa mmene angakupangire. Bulangete palokha silipanga kutentha, limangosunga kumene kulipo kale. Zili ngati kontena yosungiramo nsima: mukaikamo nsima yozizira, mudzaipeza yozizirabe ngakhale mutatseka bwanji. Mwana wozizira mukamukuta mabulangete asanu n'kumugoneka yekha pabedi, akhoza kumapitirira kuzizira mkati momwemo inu mukuganiza kuti zonse zili bwino.

Ndipo kuzizira kwa mwana wotere si nkhani ya chimfine ayi. Akazizira, thupi limawononga shuga ndi mpweya wambiri polimbana ndi kuzizirako. Shuga akatsika amafooka, akafooka sayamwa, akapanda kuyamwa amaziziriratu. Mkaka umene ukanamunenepetsa umangothera kumutenthetsa, ndiye kusikelo mumapeza sakukwera. Kutentha koyenera kwa khanda ndi pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Kukatsika pansi pa 36.5 ndiye kuti wayamba kuzizira, pansi pa 36 yafika poti muchitepo kanthu msanga, ndipo pansi pa 32 ndi ngozi yeniyeni.

Njira yake ndi ija ku chipatala amaitcha kangaroo. Mwana amavala thewera, chipewa ndi masokosi basi, n'kumuika choimirira pakati pa mabere a mayi, chifuwa chake chitagunda chifuwa cha mayi, khungu kukhudza khungu popanda nsalu pakati. Mutu amautembenuzira mbali imodzi, chibwano chitakwezeka pang'ono kuti njira ya mpweya isapindike, miyendo ndi manja zitapindika. Kenako mumamumanga ndi chitenje, m'mphepete mwa chitenjecho mukudutsa cha m'munsi mwa khutu la mwana kuti mutu usagwedezeke, koma mimba yake isafinyike. Mayi amavala malaya otsegula kutsogolo ndi juzi pamwamba. Mphuno ndi pakamwa pa mwana zizioneka nthawi zonse. Ife Amalawi chitenje timachidziwa kale, kusiyana kwake n'kwakuti uyu sakuberekedwa kumbuyo, ndipo savala zovala mkatimo. Pamenepa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa: amamuveka mwana malaya atatu n'kumumanga pachifuwa cha mayi amene wavalanso juzi. Mukatero kutentha kwa mayi sikumufika.

Pali amene amati iyi ndi njira ya osauka, ya zipatala zopanda ma incubator, makina aja otenthetsera makanda. N'zoona inayamba chifukwa cha kuchepa kwa zipangizo, ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, pamene Dr Edgar Rey anaona ana akudzazana mu incubator imodzi n'kumapatsirana matenda. Koma pambuyo pake kafukufuku wasonyeza kuti imapulumutsadi ana. Kwathu inayambira ku Zomba Central Hospital mu 1999. Kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021 anachitikira ku Ghana, India, Nigeria, Tanzania ndi Malawi, pa chipatala cha Queens ku Blantyre, pa ana olemera pakati pa 1 kg ndi 1.8 kg. Anapeza kuti ana amene anaikidwa pachifuwa atangobadwa, osadikira kuti ayambe apeza mphamvu mu incubator, imfa zawo zinachepa ndi 25 pa imfa 100 zilizonse. Mu November 2022 bungwe la WHO linasintha malangizo ake n'kunena kuti kangaroo iziyamba mwana akangobadwa, ndipo izichitika maola 8 mpaka 24 pa tsiku. Choncho musamve ngati mukuchita zachikale chifukwa chosowa ndalama. Zipatala za kuno monga Rahima Moosa ndi Bara (Chris Hani Baragwanath) zimachita zomwezo.

Maola amenewo ndi ambiri, ndipo mayi amene wangochira kumene sangawakwanitse yekha. Akufunika kusamba, kudya, kupita kuseri, kugona tulo tenitweni. Kumudzi pakanakhala apongozi, achemwali ndi azakhali osinthana naye. Kuno ku Joni nthawi zambiri mumakhala awiriwiri, ndiye musadikire munthu wina. Mukaweruka kuntchito, sambani m'manja, vulani shati, mumumange mwana pachifuwa panu maola awiri kapena atatu mayi apume. Kutentha kwa bambo ndi kwa mayi n'chimodzimodzi. Amuna ena amachita manyazi ndi chitenje, koma m'chipinda mwanu simukuonedwa ndi munthu. Ngati mumasuta fodya, imeneyo ndi nkhani ina: utsi umatsalira m'zovala ndi pakhungu, ndipo mapapo a mwana wotere sanakhwime. Amene ali ndi chifuwa kapena chimfine asamunyamule. Amene wamwa mowa asamumange pachifuwa ngakhale pang'ono.

Usiku mayi agone chotsamira, atasanjikiza mapilo kumsana kuti asagone chagada kwenikweni, mwana ali womangidwa bwino kuti asaterereke. Ngati nonse mwatopa kwambiri moti mukufuna kumuika pansi, mumuveke zovala zofunda ndi chipewa, agone chagada pamalo ake osati chafufumimba, nkhope isaphimbidwe, ndipo mubwerere ku kangaroo mukangotha kutero.

Tsopano za hita. Sindikuti ndi yoipa. Joni ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo mu June ndi July m'bandakucha kumatha kuzizira kufika pafupi ndi 0. Chipinda cha khanda chimafunika chifike cha m'ma 25, zimene m'zipinda zathu zakuseri ndi m'mikukhu ya malata sizichitika zokha. Ngati ndalama ilipo, hita yamagetsi ithandiza kuchotsa chisanu m'chipinda, makamaka nthawi yosintha thewera. Ikhale patali ndi mwana ndi nsalu. Koma musaidalire, magetsi amathima, mayunitsi amatha pakati pa usiku, pomwe chifuwa cha munthu chimatentha usiku wonse. Chimene ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi mbaula m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka komanso wosanunkha, carbon monoxide, ndipo chisanu chilichonse a zangozi mu mzinda uno amachenjeza za anthu opezeka atafa m'tulo chifukwa cha zimenezi. Hita ya parafini nayonso utsi wake ndi woipa kwa mwana, osanenanso za moto. Botolo la madzi otentha liiwaleni. Khungu la mwanayu limapsa ndi kutentha kumene inu mungakuone ngati kofunda chabe, ndipo iye sangasunthe kuthawa.

Zina zotchipa zimathandiza kuposa mmene anthu amaganizira. Pindani thaulo mutseke mpata wa pansi pa chitseko pomwe pamalowera mphepo. Bedi lisagunde khoma lakunja kapena zenera, chifukwa khoma lozizira limakoka kutentha kwa mwana ngakhale asanaligunde. Thewera likanyowa sinthani msanga, ndipo posinthapo musamuike pa tebulo kapena pa pulasitiki yozizira, yalani kansalu kofunda. Manja anu muziyamba mwawatenthetsa. Zipewa zikhale ziwiri kapena zitatu kuti china chikachapidwa china chilipo.

Kusamba ndi kumene ndikudziwa kuti mudzakangana ndi akuluakulu pa foni. Mwana wa 1.8 kg safunika kumizidwa m'beseni tsiku ndi tsiku. Madzi akamauma pakhungu amachoka ndi kutentha kochuluka, ndipo mphindi zochepa zokha ali wamaliseche m'chipinda chozizira zimakwana kumutsitsa. Mupukuteni ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda, kumaso, m'khosi, m'khwapa ndi kumatako, mbali imodzi imodzi kwinako ali wofunda, masana dzuwa lili pamutu, n'kumuumitsa bwino ndi kumubwezera pachifuwa nthawi yomweyo. Agogo akanena za madzi a mankhwala oti mwana alimbe, ayankheni mwaulemu kuti achipatala ati adikire kaye afike sikelo. Pamchombo musapake kanthu kalikonse kupatula zimene anamwino akupatsani. Mwambo wa chikuta, woti mayi ndi mwana akhale m'nyumba osatulukatuluka, pa nkhani iyi uli kumbali yanu. Alendo a kutchalitchi kapena kumzikiti abwere ndithu ndi mphatso zawo, koma mwana asamachotsedwe pachifuwa kuti azizungulira m'manja mwa aliyense.

Mkaka ndi mbali ina ya kutenthaku. Ayamwe maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku, ndipo akagona kupitirira pamenepo mumudzutse, chifukwa ana oterewa nthawi zambiri salira ndi njala. Ngati akutopa msanga pabere, mayi afinyire mkaka m'kapu yoyera n'kumumwetsa pang'onopang'ono ndi kakapu kakang'ono monga momwe awaphunzitsire ku wodi. Madzi, tiyi, phala ndi gripe water ayi. Mwana amene akufunda bwino ndi kuyamwa bwino amawonjezera pafupifupi magalamu 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse, ndipo mudzaziona m'kabuku ka Road to Health akamamuyeza.

Ngati pali chinthu choti mugule lero, ndi thermometer ya digito, ya mu pharmacy iliyonse. Muziyeza m'khwapa, mkono utatsekedwa bwino. Ikasowa, gwiritsani kuseri kwa dzanja lanu: gwirani mimba kenako mapazi. Zonse zikakhala zofunda, zili bwino. Mimba yofunda koma mapazi ozizira, wayamba kuzizira, muikeni pachifuwa, mufunditse nonse awiri, ayamwe, muyezenso pakatha ola. Mimba ndi mapazi zonse zozizira, imeneyo ndi ya kuchipatala. Dziwaninso kuti mwa ana ang'ono chonchi matenda a m'magazi nthawi zambiri saonekera ndi kutentha thupi, amaonekera ndi kuzizira. Ndiye mwana amene akuzizirabe ngakhale wakhala pachifuwa ola lathunthu musamuyese kuti ndi nyengo chabe. Chimodzimodzi akakana bere, akalefuka osagwedezeka, akamapuma mothamanga kupitirira ka 60 pa mphindi, nthiti zikamalowa mkati popuma, akamasiya kupuma kwa kanthawi n'kusintha mtundu, akakomoka, kapena chikasu chikafika m'manja ndi kumapazi. Musadikire kuche. Imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177 ya ambulansi, ndipo podikira kapena popita mwana akhale pachifuwa.

Ndikudziwa ena mwa ife timazengereza kupita kuchipatala poopa kufunsidwa mapepala kapena ndalama. Mu April 2023 khoti lalikulu la Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, amayi oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma posatengera dziko limene akuchokera kapena mapepala amene ali nawo. Nyamulani kabuku ka mwana ndi kalata yotulukira m'chipatala nthawi zonse.

Tsiku lotuluka ndi masiku a sikelo, mwana ayende ali mkati mwa zovala za mayi, atamangidwa kale asanatuluke pakhomo, jekete pamwamba. M'mataxi muja mazenera amatsegulidwa ndi aliyense, ndipo pamzere wa kukiliniki m'mawa mumaima panja nthawi yaitali. Pomuyeza pemphani kuti pasikelo ayalepo kansalu kanu, mumubwezere pachifuwa akangomaliza. Kangaroo imapitirira mpaka afike cha m'ma 2.5 kg kapena tsiku limene amayembekezeka kubadwa, ndipo nthawi zambiri mwana amanena yekha: amayamba kupalapata, kutulutsa manja ndi kulira mukamumanga.

Sabata ino mukapita kukawaona, pemphani sisitala wa mu wodi akuonetseni inuyo kamangidwe ka chitenje, mumange iye akuona mpaka akhutire, ndipo mufunse tsiku lenileni lobwerera kusikelo musanachoke.