Funsani kaye komwe maselowo achokera

Mayi, mwafunsa ngati n'koyenera kuthandiza kafukufuku wa ma stem cell, maselo otha kusanduka mitundu ina ya maselo a m'thupi. Mukhoza kupereka ndalama zanu popanda kulimbana ndi chikumbumtima, bola mufunse komwe maselowo achokera. Mkangano uli pa maselo otengedwa ku mluza, poti mluzawo umawonongedwa. Ku Duke University, ku America, amayesa kuthandiza ana ovulala ubongo ndi magazi a m'chingwe cha mchombo, omwenso ali ndi ma stem cell; apo palibe moyo wotayika.

Chondiopsa ine ndi zipatala zolipiritsa makolo ndalama zankhaninkhani m'dzina la kafukufuku. Kumpingo kwathu tinasonkherapo mwana wina kuti apite ku chipatala chotere, anabwerako chimodzimodzi, banja litamira m'ngongole. Kafukufuku weniweni amavomerezedwa ndi komiti yoteteza odwala, ndipo salonjeza machiritso. Ngati mukuganizira mwana wanu, kaonaneni kaye ndi dokotala wa ana.