Gulani smart TV yanuyo, koma muiyang'anire pa zinthu ziwiri

Achimwene, mwafunsa ngati smart TV ingakhale khomo lolowera akuba a pa intaneti kuposa foni kapena laputopu. Ine ndikuti gulani. Wakuba amalunjika komwe kuli ndalama, ndipo ndalamazo zili mu foni: akaunti ya kubanki, imelo, manambala achinsinsi omwe banki imatumiza. Mu TV angapezemo chiyani? Akaunti ya Netflix ndi mndandanda wa zomwe mumaonera basi.

Koma mndandanda umenewo ndi umene opanga TV amaukhumba. Ma TV ambiri ali ndi ACR, yomwe imazindikira chilichonse chooneka pa sikirini, ngakhale chochokera ku laputopu kudzera pa chingwe cha HDMI, n'kutumiza kwa kampani kuti otsatsa malonda akudziweni bwino. Mu 2017 kampani ya Vizio inalipira madola 2.2 miliyoni ku America chifukwa chotolera zoterezi pa ma TV 11 miliyoni eni ake osadziwa. Chaka chomwecho WikiLeaks, gulu loulula zinsinsi za maboma, inaulula Weeping Angel, pulogalamu ya akazitape a ku America a CIA, yomwe inkachititsa TV ya Samsung kuoneka yozima pomwe maikolofoni ikumvetsera. Nkhaniyi imaopsa anthu, koma pankafunika munthu kufika pa TV-yo ndi fulashi. Ngati a CIA afika pabalaza panu, mavuto anu ndi ena, osati TV.

Chachiwiri, chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri, ndi kukalamba kwa TV. Foni timasintha pafupipafupi, koma TV imakhala pakhoma zaka khumi opanga atasiya kale kutumiza ma update, mabowo olowera akuba n'kukhala osatseka. Timabokosi totchipa ta Android tolonjeza matchanelo onse ulere ndiye titalikireni. Tina timabwera ndi kachilombo kale, ndipo FBI inachenjeza za zimenezi mu 2025.

Mukangoilumikiza, lowani mu settings muzimitse ACR, komanso maikolofoni yomvetsera mawu ngati simukuigwiritsa ntchito. Iikeni pa guest network ya rauta (Wi-Fi yapadera ya alendo) kuti isaonane ndi laputopu yanu. Za banki ndi imelo musazitsegule pa TV. Ndipo pasiwedi ya rautayo isinthenitu lero: pulogalamu yoononga ya Mirai, yomwe mu 2016 inasokoneza Twitter ndi Netflix, inalowera m'marauta ndi makamera omwe anali akadali ndi pasiwedi ya kufakitale.